Mau a Mlangizi: Mwana wa Fomu 4 ndi Masamu Ake

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay kufikira ku Malombe, sabata ino tiyambe tasiya za mbewu, tikambe za ana athu amene ali mu Fomu 3 ndi Fomu 4.

Makolo ambiri afunsa kuti mwana angalowe bwanji ku Bunda, kumene aphunzitsa za ulimi ndi za nsomba. Njira yake idzera pa mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB lilembetsa m'miyezi yachisanu. Mwana akapata 1 kapena 2 pa phunziro, wapambana ndithu, 3 kufikira 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 nkukhoza chabe, 9 nkulephera. Sukulu zaukachenjede za Boma zifuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa maphunziro ambiri a ku Bunda masamu nawonso akhale kirediti. Tsono mwana akabwera ndi 7 pa masamu musafulumire kupha nkhuku. Satifiketi angalandire, koma khomo lija likhala lotseka.

Chimene chiwononga ana athu kuno si umbuli ayi, koma tulo. Mnyamata amene wachezera pa bwato ndi nyali za usipa afika m'kalasi akuodzera. Mtsikana naye atha tsiku pa thandala, kuyanika ndi kutembenuza nsomba. Sindikana, ndalama ya usipa ndiyo igula sopo ndi kulipira fizi. Koma masamu ali ngati khoka: likang'ambika pamodzi osasoka msanga, chiboo chikulirakulira. Amene sanamve mafulakishoni mu Fomu 1 adzavutika ndi alijebula mu Fomu 3. Chotero inu bambo, mpatseni mwana ola limodzi tsiku ndi tsiku dzuwa lisanalowe, ndipo teremu yotsiriza asapite kunyanja usiku.

Ndipo inu ana, masamu sawerenga ngati nthano. Gwirani pensulo. Pemphani mapepala a mayeso a zaka zapitazo kwa aphunzitsi anu, muwalembe mutatseka buku, wina akuyang'anirani nthawi. Lembani njira yonse imene mwadzera, pakuti ochonga apatsa malikisi pa njira yolondola ngakhale yankho litaphonyeka kumapeto. Kakyuleta imene mudzalowe nayo m'mayeso muizolowere tsopano. Yobwereka m'mawa wa tsiku lomwelo idzakusokonezani.

Musanene kuti kumudzi kulibe pophunzirira. Taonani munda wa chimanga. Ife alangizi tinena kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Phando lililonse litenga malo a 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, ndiwo masikweya mita 0.1875. Hekitala ili ndi masikweya mita 10,000. Gawani, mupeza mapando 53,333. Amene asakaniza masentimita ndi mamita apeza nambala yachilendo, ndipo ndi pomwepo ana ambiri agwera m'mayeso. Kapena tengani thumba la urea la makilogalamu 50. Pa 100 iliyonse 46 ndi nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa mbewu. Ndiye kuti m'thumba monse muli makilogalamu 23. Mafunso a maperesenti ndi a kukula kwa malo ndi omwewa, angosintha malaya.

Inu mayi, ngakhale sukulu simunapite nayo patali, mungathe kufunsa mwana akuonetseni kope madzulo ali onse. Tsamba loyera lioneka ndi maso.

Nali funso loti ana ayese. Munda wina ku Namwera ndi wa mamita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Pobzala monga ndanena pamwambapa, mukhala mapando angati? Yankho ndidzalemba pa tsamba lomwe lino sabata ya mawa.