Mwana wa payunivesite sadya kapinga

Mng'ono wanga atasankhidwa kupita ku yunivesite ina ya boma, tinavina pamsika pano mpaka anzanga a manachesi kusiya madengu awo osawayang'anira. Mwana wa ku Thambani kukavala gauni! Koma tsiku lomuperekeza, chimwemwe chija chinathera pageti. Dzina la sukuluyo ndilisunga, poti nkhaniyi si ya sukulu imodzi. Malo ogona m'kati munalibe. Tinayendayenda kunja kwa mpanda, matiresi ali pamutu, mpaka tinapeza kachipinda ka windo limodzi kogonamo atsikana anayi, chimbudzi chokumba chogwiritsa ntchito pamodzi ndi mabanja atatu. Lendi yake imachoka pa mpamba wanga wa tomato ndi anyezi. Ndiye musandiuze kuti za mapulani a nyumba sizindikhudza ine wapamsika.

Inu amene munafikako ku mayunivesite athu mukudziwa zomwe mlendo amaona akangolowa: chikwangwani chachikulu, kapinga wometa bwino, malo oimikapo galimoto za mabwana. Zokongola, sindikana. Koma afunseni akatswiri ojambula mapulaniwo kuti mwanayu akatuluka m'kalasi madzulo akulowera kuti. Nsima aphikira pati? Zovala akachapa ayanika pati poti sizibedwa? Akachoka ku laibulale usiku, njira yopita komwe amagona ili ndi getsi?

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndipo Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973. Masiku amenewo ophunzira anali ochepa, ankagona m'kati, ankadya ku kafeteria. Pulani inagwirizana ndi nthawi yake. Kuchokera apo chiwerengero chakwera, ndipo n'zabwino, nafenso ana athu alowe. Mu 2021 yunivesiteyo inagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Mayina atsopano anabwera msanga, koma mabedi akutsalirabe m'mbuyo. N'chifukwa chake mukatchula Chikanda, aliyense amene anaphunzira ku Zomba amagwedeza mutu. Ku Blantyre ana amachita lendi ku Chitawira, ku Naperi, ena mpaka ku Ndirande. Ku Mzuzu n'chimodzimodzi m'makwalala a ku Luwinga. Kumeneko n'kumene kuli mahositelo enieni a mayunivesite athu, chonsecho pepala la wojambula limathera pampanda.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma za mmene malo amakulira ndimaziona tsiku lililonse. Bwerani kuno ku boda ya Mwanza. Malole ochokera ku Beira ndi ku Johannesburg akadutsa ku Zobue amaima pano kudikira mapepala. Pomwe dalaivala waima, chiwaya chimabwera, wa madzi amabwera, wometa amabwera, zipinda zogona zimamera. Mimba ya munthu ndi tulo take zimamanga tauni, kaya mwaijambula kaya simunaijambule. Mukapanda kuijambula imabwerabe basi, koma imabwera yopanda mpopi, yopanda ngalande, yopanda getsi. Ophunzira zikwizikwi amene amakhala pamalo amodzi zaka zinayi aposa madalaivala ogona masiku awiri. Nanga zimatheka bwanji kuwajambulira malo oimikapo galimoto, iwo alibe ndi njinga yomwe, osawajambulira msika?

Onani MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata, ku Thyolo, yomangidwa ndi ngongole ya ku China. Nyumba zake n'zochititsa kaso. Koma sukulu yomangidwa pamunda, kutali ndi mzinda, ndiye imaonetsa poyera zomwe ndikunenazi: ndiwo za ana amenewo zili m'manja mwa amayi a ku Goliati ndi midzi yozungulira. Mayi wotero ndi mbali ya sukuluyo ngati mmene alili mlonda wapageti.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe. Muti yunivesite si msika, mavenda amabweretsa uve. Za uve musatiphunzitse ife. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo ife apamsika tinali oyamba kulozedwa chala. Koma uve umachokera pati? Mayi wogulitsa mandasi pafumbi, m'mbali mwa mpanda, popanda madzi, asamba m'manja ndi chiyani? Muikireni simenti pansi, malata pamwamba, mpopi ndi chimbudzi pambali, dzenje la zinyalala kumbuyo. Chiphaso tidzalipira, timalipira kale tsiku lililonse. Kumuthamangitsa sikuchotsa njala ya ophunzira, angosunthira pakona ina ndipo anawo amutsatira konko.

Muti ndalama kulibe. Eya, zilibedi. Koma zambiri zomwe ndikupemphazi si za ndalama zochuluka, n'za maso. Taonani mahositelo omwe anthu a ndalama akumanga masiku ano pafupi ndi sukuluzi: mdadada wautali ngati mashopu, kanjira kamdima pakati, zitseko uku ndi uku, mpanda wa waya wamagetsi pamwamba. Khitchini mulibe, ndiye ana amabisa hotplate pansi pa bedi, mawaya kulumikiza okha, kenako tidzadabwe moto ukabuka. Njerwa zomwezo mutazimanga mozungulira, zitseko zonse kuyang'ana pakati, mukhala ndi bwalo ngati la kumudzi: chingwe cha zovala pamaso pa eni ake, khitchini ya onse pomwe mbaula ndi yololedwa, mtengo wa mango ndi mabenchi pansi pake. Mlendo wachilendo akalowa, maso makumi awiri amuona. Agogo athu ankadziwa zimenezi popanda digiri, ife taphunzira n'kuziiwala.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi njira. Mng'ono wanga amatseka mabuku dzuwa lisanalowe, chifukwa pakati pa geti ndi kachipinda kake pali chigwa, tchire ndi mdima. Anyamata a m'kalasi mwake amatsala ku laibulale mpaka usiku, pamagetsi ndi intaneti ya sukulu. Iye amawerenga ndi tochi ya pafoni, anzake atatu akufuna kugona. Mayeso alemba amodzi omwewo. Pamisonkhano tizimva zoti mwana wamkazi aphunzire, tiziombera m'manja, koma mitengo ingapo ya magetsi a sola panjira imeneyo yakanika. Sukulu iti kunja kwa mpanda n'kwa khonsolo, khonsolo iti anawo ndi a sukulu. Mwana ali pakati, akuthamanga ndi laputopu yangongole pachifuwa.

Akuluakulu ojambula mapulani, musanagwire pensulo, kagoneni usiku umodzi wokha ku Chikanda m'nyengo ya dzinja, mukayende njira imeneyo wapansi 9 koloko usiku, mukaime pamzere wa bafa m'mawa. Mukabwerako mudzatifunsenso ife ogulitsa, tidzakulozerani pomwe mapazi a ana amadutsa.

Lachisanu lino ndikukweza thumba la makala ndi ufa pa minibasi ya ku Blantyre, kondakitala akapatsire mnzake. Mng'ono wanga akaphikira pakhomo penipeni pa kachipinda kaja, chitseko chili chotsegula kuti utsi usawaphe.