Anamwino Athawa Ciani?

Abale a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pa zitsime ndi m'mabwalo pamveka mau akuti anamwino a masiku ano ngokonda ndarama: lero ali pa Mponela, mawa apita ku Lilongwe, mkuja akwera ndege kunka kunja. Mau awa ndiwakana, pakuti aweruza wothawa osafunsa cimene acithawa.

Taganizani za namwino wa pa cipatala cacing'ono ca kumidzi. Usiku ali yekha ndi amai awiri akucira, mwana wa malungo alikukomoka pakhomo, magetsi azima, ndipo galimoto ya odwala iribe mafuta. Mankhwala akasowa, wotukwanidwa ndi iye, ngakhale sindiye agula. Kukaca sagona, popeza palibe womlandira. Mnzace akacoka, katundu wa awiri agwera mmodzi, natopa iyenso, nacoka. Cotero kucoka kubala kucoka, ndipo wotsiriza kulira ndiye wodwala.

Wina adzati, nanga mtima wa cifundo uli kuti? Tamverani mbiri. Pofika caka ca 2004 anamwino ambiri anali atanka ku Britain, zipatala zathu ziri pululu. Pamenepo boma, ndi cithandizo ca Britain ndi Global Fund, linaonjeza malipiro ndi 52 pa 100 kuyambira 2005, nilikuza masukulu ophunzitsa anamwino. Anchito a zaumoyo, amene anali 5,453 mu 2004, anafika 8,369 mu 2009. Kodi mitima ya anthu inasandulika m'zaka zisanu? Iai, anasamalidwa, nakhazikika. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo ndarama yomwe ija inaleka kukwanira ufa, sopo ndi sukulu ya ana. Nkhuku yosowa madeya pakhomo ikaikira kwa eni. Mwini wanzeru saikalipira, aithirira madeya.

Sindikana kuti alipo anamwino a pakamwa pakuthwa, onyoza amai m'cikuta. Otere anenezedwe kwa akuru a cipatala, nalangidwe. Koma kulakwa kwa mmodzi kusatiphimbe maso pa kutopa kwa ambiri.

Tsono ife ticitenji? Ciyambire 1889, pamene Murray ndi Vlok anakhala pa Mvera, anthu a dziko lino adziwa kuumba njerwa za nyumba zopemphereramo ndi masukulu. Nanga nyumba ya namwino iri kudontha cifukwa ninji? Zipatala za mipingo, monga Mvera, Madisi ndi Mtengowanthenga, ziri m'bungwe la CHAM, ndipo malipiro a anchito ace acokera ku boma; koma denga, madzi a pafupi ndi ulemu ziri m'manja mwathu. Mafumu ndi akuru a mpingo aitane mudzi, tiumbe njerwa cirimwe cino, tileke kudzutsa namwino pakati pa usiku ndi nthenda imene tinaisunga m'nyumba sabata lathunthu.

Ndipo phungu wathu akadza kudzapempha mavoti, timfunse poyera: bwanji anamwino otsiriza maphunziro akhala m'makomo zaka osalembedwa nchito, pamene wa pa cipatala cathu agwira yekha usana ndi usiku? Asacoke pabwalo asanayankhe.