Musathamangire kufomata kompyuta

Kwathu kuno kwa Zulu, kompyuta ikangoyamba kuzima yokha, aliyense amati, "Yalowa vayirasi, kaifomateni." Ine ndinamvera. Laputopu yanga ndinakaifomatitsa kawiri ku Mchinji boma, manotsi a Fomu 4 onse n'kupita. Koma sikirini ya buluu ija inabweranso.

Vuto linali RAM, momwe kompyuta imasungira zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Kachigawo kake kakawonongeka, 1 amatha kusanduka 0, Windows n'kugwa. Kufomata sikuchiza zimenezo.

Ndiye anzanga, yambani mwayeza kaye. Ikani MemTest86 pa fulashi, muisiye iyende usiku wonse, magetsi akalola. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, zimitsani, chotsani batire, muyese RAM imodziimodzi. Yanga yovuta inali yapansi.