Inki ya m'botolo si umbava

Ife zidzukulu za Amalawi kuno ku Mhangura timaidziwa sitolo ya bwana. Agogo athu ankalima fodya m'mafamu a azungu, malipiro n'kuthera m'buku la ngongole la mwini famu yemweyo. Mgodi wa kopa unatsekedwa mu 2000, mafamu analandidwa, koma kuchenjera kuja ndikukuonabe, tsopano m'kati mwa printer.

Kampani imakugulitsa printer motchipa kuti izikudyera pa inki. Makatiriji ang'onoang'ono ambiri sakwana n'komwe mamililita 10, ndipo zithunzi zimamwa inki kuposa makalata. Mu 2016 kampani ya HP inafika pochititsa makina ake ena kukana katiriji ya kampani ina. Chinthu wagula ndi thukuta lako, wina ali kutsidya kwa nyanja azikuuza chothiramo? Ngakhale khoti lalikulu la ku America, pa mlandu wa Impression Products ndi Lexmark mu 2017, linagamula kuti kampani ikagulitsa katiriji singagwiritse ntchito patent poletsa ena kuidzazanso n'kuigulitsa.

Kwathu chithunzi si choseweretsa. Ndi nkhope ya agogo yopachika pabalaza, ndi chinkhoswe chimene achibale ku Dedza sanachione. Kukwera kombi mpaka ku Chinhoyi kukatsukitsa zithunzi zitatu n'kuwononga ndalama ya ufa. N'chifukwa chake ine ndimagula inki ya m'botolo, ndipo sindipepesa.

Otsutsa amati inki yotchipa imafwifwa komanso imatseka timabowo ta printer. Zimachitika ndithu, koma mankhwala ake alipo. Inki ya dye, kaya ndi ya kampani iti, imagonja ku dzuwa msanga kuposa ya pigment. Sungani zithunzi mu alubamu kapena kuseri kwa galasi, osati padzuwa. Sindikizani kanthu sabata iliyonse kuti inki isaumire m'timabowo. Gulani yogwirizana ndi mtundu wa makina anu, ndipo chithunzicho musachifute m'foni kuti chikafwifwa mudzasindikize china.

Nanga ngati kuthira inki ya m'botolo kuli koopsa, bwanji Epson yemweyo amagulitsa makina a EcoTank othiramo kuchokera m'botolo? Chimene amadana nacho si botolo ayi, koma botolo limene ndalama yake salandira iwowo. Agogo athu analibe sitolo ina yopitako. Ife tili nayo, tipiteko.