Sewero la Pinter: Tiliwerenge Kapena Tilibise?

Anzanga ndi inu aphunzitsi athu, ndipempha malo pang'ono m'magazini muno kuti ndinenepo maganizo anga pa mkangano umene wabuka m'kagulu kathu ka masewero. Ambiri mwaumva kale, pakuti pasukulu pano nkhani siichedwa kufika kuchigono.

Aphunzitsi athu a Chingerezi anatibweretsera sewero lotchedwa Betrayal, ndiye kuti kumpereka mnzako amene akukhulupirira. Analilemba Mngerezi wina dzina lake Harold Pinter, amene anabadwira ku London mu 1930, nalandira mphotho ya Nobel mu 2005, namwalira mu 2008. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku National Theatre mu 1978. Tsono titangowerenga zigawo ziwiri, anzathu ena anati izi n'zolaula, si za ana a sukulu. Wina anakanena kwao, ndipo tamva kuti makolo ena afuna kuti bukulo lichotsedwe. Ine nditi tiliwerenge mpaka kumapeto, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Nkhani yake ndi ya anthu atatu. Robert ndi Emma ali pabanja. Jerry ndiye bwenzi la pamtima la Robert, amene anamuimirira pa tsiku la ukwati wake. Nayenso ali ndi mkazi ndi ana awiri. Koma Jerry ndi Emma anakhala pachibwenzi chamseri zaka zisanu ndi ziwiri, nachita lendi nyumba ku Kilburn m'dzina labodza, kumene ankakomana masana. Chodabwitsa n'chakuti Pinter anayambira nkhaniyo kumathero. Chigawo choyamba chichitika mu 1977, chibwenzi chitatha kale, awiriwo atakhala m'nyumba ya mowa, mawu akuwasowa. Kuchokera apo zaka zibwerera m'mbuyo kufikira 1968, usiku umene Jerry, ataledzera paphwando, anamfunsira Emma m'nyumba ya Robert momwemo. Chotero pamene tifika pa mawu okoma a tsiku loyambalo, ife owerenga taona kale phulusa lake. Kodi munthu angakopeke ndi chinthu chimene wayamba waona maliro ake?

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Jerry ankayesa kuti iye yekha ndiye wochenjera, koma kunapezeka kuti Robert anazidziwa zonse mu 1973, pamene anazindikira malembedwe a Jerry pa kalata imene inamtsata Emma ku Venice. Emma anavomera pomwepo, koma sanamuuze Jerry kuti zadziwika. Robert naye anangokhala duu zaka zinayi, nadya naye Jerry pa tebulo limodzi, namwa naye vinyo, nakamba naye za mabuku. Jerry atamva zimenezi anakhumudwa ngati iye ndiye wolakwiridwa! Timvanso kuti Robert yemweyo anali ndi akazi ena kumbali zaka zambiri. Palibe woyera pakati pao. Aliyense ananamiza mnzake, nadzinamizanso yekha.

Aphunzitsi anatiuza kuti tisaweruze sewero tisanadziwe nyengo yake. Zaka zimenezo ku Mangalande zinthu zinali kusintha msanga. Kufikira 1968, sewero lirilonse lisanaonetsedwe linkayamba lapita kwa mkulu wina wa kunyumba ya mfumu, wotchedwa Lord Chamberlain, kuti alivomereze kapena kudulamo mawu. M'chaka chimenecho mphamvuyo inathetsedwa. Mu 1969 anakonza lamulo latsopano la chisudzulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 1971. Kale wofuna kusudzula ankayenera kuonetsa pabwalo mlandu wa mnzake, monga chigololo, nkhanza kapena kuthawa banja. Koma lamulo latsopanolo linalolanso kuti okhala padera zaka zingapo asudzulane popanda kulozana chala. Anthu a m'sewero lathu ndi ophunzira ndi a ndalama, ogwira ntchito ya mabuku, ndipo m'gulu lao kukalipa kapena kulira pagulu n'chinthu chamanyazi. Pinter mwini wake sanazitole patali, pakuti n'zodziwika kuti anali pachibwenzi chotere ndi Joan Bakewell, mkazi wa mnzake, kuyambira 1962 mpaka 1969.

Ena a inu muti, "Zimenezo n'za Azungu, kuno kwathu kulibe." Inde, kusiyana kulipo ndithu. Kuno ku Phalombe ambiri a ife tikulira pa chikamwini, mwamuna akhala kwao kwa mkazi, apongozi ali pafupi, maso ali ponseponse. Nkhani yotere ikaphulika ankhoswe a mbali ziwiri amakhala pansi, ikakanika ipita kwa a mfumu. M'zigawo zonse zisanu ndi zinayi za seweroli simupezamo malume, kapena nkhoswe, kapena mbusa. Anthu atatuwo alibe wowafunsa. Koma kunena kuti chigololocho kuno kulibe, limenelo ndi bodza, ndipo tonse tidziwa. Makolo athu akadapanda kuchiona sakadapeka mwambi wa mapanga awiri avumbwitsa.

Ndisanalembe izi ndinapempha chilolezo kwa mayi anga, ndipo anandilola. Bambo anga anapita ku Joni kukafuna ntchito ine ndiri mu Sitandade 5. Poyamba ndalama zinkabwera mwezi ndi mwezi, kenaka zinayamba kudumphadumpha. Chaka chatha tinamva kuti ali ndi mkazi wina kumeneko, ndi mwana yemwe. Tsiku limene ankhoswe anakhala pakhonde pathu, mayi anaulula kuti iwo anadziwa kale zaka zitatu zapitazo, atauzidwa ndi munthu wina wobwerako. Zaka zitatu zonsezo, Lamulungu lirilonse ankatipatsa foni kuti tipereke moni kwa bambo, iwo akumwetulira. Ine ndinakwiyira bambo, koma kunena zoona ndinakwiyiranso mayi, ndipo ndinatha miyezi ndisakuwalankhula bwino. Pamene tinawerenga chigawo cha Robert ndi Jerry akudya pamodzi, Robert akungothira vinyo m'tambula namakamba zina, ndinaona koyamba kulemera kwa katundu amene munthu asenza akadziwa chinthu nasankha kukhala chete. Loweruka lotsatira ndinawafunsa mayi chifukwa chake. Anati, "Mwanawe, ndinkafuna uyambe walemba mayeso a Sitandade 8." Sindikadafunsa funso limenelo popanda buku limene ena afuna kulibisali.

Tsono kwa makolo odandaula ndinena mwaulemu kuti nkhawa yanu ndiimva. Mowa ulimo wambiri m'seweromo, ndipo ndivomera kuti si loyenera a Fomu 1. Koma ife a Fomu 4 tinawerenga Macbeth, m'mene munthu apha mfumu ili mtulo m'nyumba mwake, ndipo palibe anaopa kuti tisanduka ambanda. Kutchalitchi atiwerengera za Davide ndi mkazi wa Uriya, ana ali pomwepo. Kuchinamwali nako atiuza zoposa izi. Nanga chifukwa ninji buku ili lokha litiwononge?

Chilema chimene ine ndachipeza mwa Pinter n'china. Judith, mkazi wa Jerry, amene ali dotolo, saoneka ngakhale kamodzi. Timangomva dzina lake. Ana anayi a mabanja awiriwo nawonso saoneka. Charlotte, mwana wa Emma, amkumbukira monga kamwana kamene Jerry anakaponya m'mwamba m'khitchini nakawakha. Kodi iye anaona zotani atakula? Ine amene ndakhala pa malo a Charlotte ndikadakonda kumva mawu ake.

Chifukwa chake ndapempha a kagulu kathu kuti tikamaliza kuwerenga tilembe tokha chigawo chachikhumi m'Chichewa, tichiike pa mudzi wina kufupi ndi Migowi, ankhoswe atakhala pamphasa, mkazi wolakwiridwa ndi ana akulankhula. Aphunzitsi avomera, malinga a Hedimasitala alole kuti bukulo likhalebe. Tikomana Lachinayi tikaweruka, m'chipinda cha Fomu 4. Atsikana atatu alembetsa kale. Tikusowa mnyamata wolimba mtima woti akhale Jerry.