Asanapime mimba, amufotokozele mai

Kale mai wapakati akapita ku sikelo anali kumupima kulemela, BP, magazi ndi kacilombo ka HIV, kenaka n'kubwelela kunyumba ndi mankhwala oonjezela magazi. Masiku ano makina akutha kuona zambili. Kuyambila m'caka ca 2011, m'maiko ena muli njila yotenga magazi a mai mimba ikakwanitsa milungu 10 ndi kuona ngati mwana angabadwe ndi Down syndrome, vuto lobwela pamene mwana ali ndi chromosome 21 yoonjezela. Kupima kumeneku n'kodula, ndipo amene angakwanitse ndi a ndalama. Koma sikani yafika m'zipatala zambili, ndipo kuyambila mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mai aliyense aunikidwe kamodzi mimba isanafike milungu 24.

Ife sititsutsa makina. Cimene cikutidetsa nkhawa ndi mmene mai amauzidwila zotuluka.

Tonse timaudziwa mzele wa ku kiliniki. Anesi ndi ocepa, azimai ndi ambili, ndipo dokotala akaona cacilendo pa sikani amalankhula mau awili atatu m'Cizungu n'kulemba kalata yopita ku cipatala cacikulu. Mai amakwela minibasi ali ndi pepala limene sakulimva. Akafika kunyumba, amuna ake ndi apongozi amafunsa kuti adokotala ati ciani, iye n'kusowa poyambila. Pamenepo ndi pamene nkhani za ufiti ndi za kuyenda ndi amuna ena zimayambila.

Cofunika kudziwa n'cakuti kupima koyamba sikugamula. Magazi kapena sikani zimangonena kuti mpata wa vuto ndi waukulu kapena waung'ono. Kuti atsimikize, madokotala amatenga madzi a m'cibelekelo ndi singano mimba ikapitilila milungu 15, ndipo njila imeneyi ili ndi ngozi yocepa yakuti mimba ingacoke. Mai ali ndi ufulu wovomela kapena kukana, koma angasankhe bwanji ngati palibe wamufotokozela m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Citonga?

Kuno kwathu nkhani yaikulu ndi sickle cell. Mwana sadwala matendawa cifukwa ca mai yekha. Amatengela mbali imodzi kwa atate, ina kwa amai, ndipo makolo onse awili angakhale athanzi osadziwa kuti ali ndi mbali imeneyo m'magazi. Zikakhala conco, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi pa inai wakuti mwana adzadwala. Koma mwana akayamba kutupa manja ndi kusowa magazi, wonyozedwa amakhala mkazi, ndipo mabanja ena amatha. Mwamuna amene sanaponde pa sikelo ndiye amakhala woyamba kuloza cala.

Tikuyamikila kuti mu 2021 dziko lathu linayamba kupima sickle cell kwa makanda ongobadwa kumene ku UTH mu Lusaka ndi ku Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola. Mwana akadziwika msanga amayamba kumwa penicillin ndi kulandila katemela, ndipo ambili amakula. Izi n'zimene mai wapakati afunika kumva pamodzi ndi zotuluka, osati dzina la matenda cabe.

Pali nkhani ina imene ambili amaopa kuichula. Lamulo la Termination of Pregnancy Act la 1972 limalola kucotsa mimba ngati pali ngozi yaikulu yakuti mwana adzabadwa wolemala kwambili, madokotala atatu akasaina. Machalichi ambili amatsutsa zimenezi. Azimai nawonso maganizo awo ndi osiyana. Ena amafuna kudziwa kuti akonzekele ndi kukabelekela ku cipatala cokhala ndi akatswili. Ena safuna kudziwa ciliconse, amati mwana amene Mulungu wapeleka adzamulela. Onsewa ndi anthu oganiza bwino, ndipo nesi, m'busa kapena apongozi sayenela kumukankhila mai kumbali imene iwo akufuna.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti ucite monga unacitila pa HIV, pamene uphungu unali kubwela magazi asanatengedwe. Alangizi amenewo alipo kale m'makiliniki. Aphunzitsidwe za sickle cell ndi Down syndrome, apatsidwe cipinda cotseka citseko, ndipo mai akapezeka ndi mbali ya sickle cell, kalata yoitana mwamuna wake kudzapimitsa ilembedwe tsiku lomwelo.