Chiwombankhanga cha mkuwa sichiikira mazira

Mphwanga amene amakhala ku New York ananditumizira chithunzi pa WhatsApp sabata yatha. Waima monyadira pansi pa chiboliboli cha chiwombankhanga chachikulu, mapiko ali m'mwamba, zikhadabo zitagwira nkhata ya masamba pamwamba pa funde. Koma maso anga anathamangira pamutu pa chimbalamecho, pomwe panatera nkhunda, ili phee, yopanda ndi mantha omwe. Nkhunda imadziwa kuti mkuwa suluma.

Chibolibolicho chili ku Battery Park, kumapeto kwa chilumba cha Manhattan, moyang'anana ndi Statue of Liberty. Anachiumba ndi mmisiri Albino Manca, ndipo Pulezidenti John F. Kennedy anatsegulira malowo pa 23 May 1963. Chaima pakati pa zipilala 8 za miyala zimene analembapo mayina oposa 4,600 a asilikali a ku America amene anathera m'nyanja ya Atlantic pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndi malo oti ukafika umavula chipewa.

Chiwombankhanga cha mutu woyera chinalowa pa chidindo cha boma la America mu 1782, phazi lina litagwira mivi 13, lina nthambi ya azitona. Kuyambira pamenepo chakhala chizindikiro cha ufulu wa dzikolo, pa ndalama, pa mapasipoti ndi pa nyumba za boma. Si onse anachikonda. Benjamin Franklin analembera mwana wake wamkazi mu 1784 kudandaula kuti mbalameyi ndi ya khalidwe loipa chifukwa imalanda nsomba za mbalame zinzake, ndipo kwa iye nkhukundembo inali yolemekezeka kuposa iyo.

Chimene chandilembetsa lero ndi chaka chija cha 1963. M'chaka chomwecho chimene akuluakulu ankaombera m'manja chiwombankhanga cha mkuwa, akatswiri anawerenga zamoyo m'zigawo 48 za dzikolo, kupatula Alaska ndi Hawaii, napeza mabanja 417 okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alenje anali ataziwombera kwa zaka zambiri, mpaka boma linaika lamulo loziteteza mu 1940. Kenako kunabwera mankhwala ophera tizilombo a DDT. Ankawapopera m'minda ndi m'madambo, mvula n'kuwakokolera m'mitsinje, n'kulowa m'matupi a nsomba. Chiwombankhanga chikadya nsombazo chinkaikira mazira a chigoba chopyapyala, ndipo make akati afungatire, dzira linkangoti phwa! pansi pa chifuwa chake.

Chimene chinapulumutsa mbalameyi ndi ntchito yosaoneka pa chithunzi. Boma linaletsa DDT mu 1972, mitengo ya zisa inatetezedwa, anapiye ena analeredwa ndi anthu n'kukawasiya kumene mtundu wawo unatha. Pofika 2007 mabanja anali pafupifupi 10,000, ndipo anaichotsa pa mndandanda wa zolengedwa zimene zili pangozi. Chodabwitsa n'chakuti lamulo loitchula kuti ndi mbalame ya fuko linasainidwa mu December 2024, patapita zaka zoposa 240 chiikireni pa chidindo.

Ife sitili kutali ndi nkhaniyi. Nkhwazi yathu ndi msuweni wa chiwombankhanga chimenechi, ndipo nayo imakhalira nsomba. Ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, kumbuyo kwake dzuwa likutuluka, pansi pali mawu onena za umodzi ndi ufulu. Anzathu a ku Zambia anaiika pa mbendera penipeni. Amene anafikako ku Cape Maclear akudziwa masewera a anyamata a maboti: mmodzi amaliza mluzu, n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi imanyamuka pamtengo, n'kutsika chopendekera, miyendo patsogolo, n'kuitola nsombayo osanyowetsa nthenga. Ikabwerera pa nthambi imaponya mutu chagada n'kulira, phiri lonse n'kuyankha.

Kulira kumeneko kuli ndi mtengo wake. Kumafuna nyanja ya nsomba ndi mitengo italiitali ya m'mbali mwa madzi yomangamo zisa. Tinaona mmene chambo chinathera m'nyanja ya Malombe, ndipo tikuona maukonde a udzudzu akukokolola ndi timwana ta nsomba tomwe, nkhwangwa zikulira m'mphepete mwa nyanja. Nkhwazi ya pa chizindikiro cha boma siidzawonda ngakhale nsomba zitatheratu.

Ufulu nawo uli chimodzimodzi. Pa 6 July timavala bwino, timamvera zolankhula, timaona asilikali akuguba, ndipo palibe cholakwika. Koma ufulu wamoyo uli mwa mayi amene wapita kukhoti napeza chilungamo osapereka kangachepe, mwa mtolankhani amene walemba zoona n'kukagona kwake. Umenewo suumbidwa kamodzi n'kuusiya pa mwala. Umafuna kufungatiridwa tsiku ndi tsiku, ndipo chigoba chake sichichedwa kupyapyala.

Mphwanga uja ndamuyankha kuti chithunzi n'chokongola. Ndamupempha kuti nyengo yozizira ikafika akwere sitima yolowera kumtunda kwa mtsinje wa Hudson, kumene ziwombankhanga zinabwereranso, akandijambulire chamoyo. Pamutu pa chimenecho sipadzatera nkhunda.